Kuseri kwa phiri la Mulanje: tsiku limodzi ku Migowi

Dzina la Phalombe limamveka kwambiri pa wailesi nthawi ya dzinja. Mvula ikagwa masiku angapo osakata, timamva kuti mtsinje wakuti wasefukira, mlatho wakuti wapita ndi madzi, mabanja akutiakuti akugona m'makalasi a sukulu. Dzinja likatha, dzinalo limazilala mpaka chaka chinacho. Nawonso alendo okaona phiri la Mulanje amathera pa Likhubula. Akasamba pa Dziwe la Nkhalamba ndi kujambulitsa, amatembenuza galimoto kubwerera ku Blantyre, osadziwa kuti msewu ausiyawo ukupitirira m'munsi mwa phiri mpaka kukalowa m'boma lina lathunthu, la anthu pafupifupi 430,000 malinga ndi kalembera wa 2018. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa mbali yaikulu ya mbiri ya dziko lino inayenda ndi mapazi kuseri kwa phiri kumeneku, ndipo zizindikiro zake zikadalipo kwa munthu wofuna kuziona. N'chifukwa chake m'mwezi wa Ogasiti, nandolo atayamba kuuma m'minda, ndinalawirira pa depoti ya Limbe kukakwera minibasi ya ku Migowi.

Tinadzera msewu wa Midima. Pa Chitakale tinasiya njira ya ku Mulanje boma n'kukhotera kumanzere, ndipo kuchokera pamenepo phiri silinatisiyenso. Limakhala kudzanja lamanja ulendo wonse, pafupi kwambiri moti umachita kupendeketsa khosi pa windo kuti uone pamene lathera. Thanthwe la Chambe linali likadali mumthunzi, lakuda bii, dzuwa lisanadumphe phiri. Minda ya tiyi inatsala m'mbuyo. Mitambo yochokera kumwera chakum'mawa imakhuthula mvula yake yambiri mbali ya Mulanje boma ndi Muloza, kotero kuseri kuno n'kouma, ndipo m'malo mwa tiyi maso amakumana ndi nandolo, mapesi a chimanga, mapira ndi mitu ya mpendadzuwa yotsalira m'minda.

"Phula ili n'ladzanadzanali, achimwene," anatero mayi amene ndinakhala nawo mpando umodzi, dengu la tomato lili pamiyendo. "Kale mvula ikagwa, makande a kuno ankagwira galimoto mpaka mawa lake. Wodwala tinkanyamula pa njinga."

Ankanena za msewu wa Zomba-Jali-Phalombe-Chitakale, umene unatenga zaka zambirimbiri ukutchulidwa pa misonkhano ya ndale usanathe. Boma la Phalombe nalonso si lakale. Linapatuka ku Mulanje mu 1998. Izi zisanachitike, munthu wa ku Chiringa kapena wa m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa akakhala ndi nkhani kwa DC ankayenera kuzungulira phiri lonseli.

Tinadutsa pa Phalombe osachedwa, ndipo ndinatsika pa Migowi cha m'ma 9 koloko. Ndi malo amalonda amene akukula mooneka ndi maso: magolosale, zigayo, mashopu a zipangizo za njinga, timabenchi ta Airtel Money ndi Mpamba, nyumba za malata onyezimira zikumera m'mbali mwa msewu. Koma chimene chimakulonjera choyamba ndi njinga. Chigwa cha Phalombe n'chathyathyathya kuchokera patsinde pa phiri mpaka kunyanja, choncho chilichonse chimayenda pa mateyala awiri: nkhuni, mbuzi, malata, mwana wa sukulu, mayi woyembekezera. Bambo wina anandidutsa atamangirira matumba awiri a nandolo pa kaliyala, lachitatu atalipanikiza pa felemu, iye akukankha chifukwa pokhala panalibe, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali kukadali kachisanu.

Mumsika munali matemba a ku Chilwa milumilu, milamba yowamba yopindidwa mchira kukamwa, makaka oyera, mpunga wa m'madambo ndi kaunjika. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo ndi yosaya, choncho mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Inaphwa mu 1968, mu 1995, ndiponso mu 2018. Mitsinje ya Phalombe ndi Sombani, yochokera m'phiri lomweli, ili m'gulu la mitsinje imene imaidyetsa. Mayi wogulitsa matemba, akundipungulira mulu m'kapepala, anaifotokoza nkhaniyi mwachidule kuposa mabuku: "Nyanja ikaphwa, bambo, ndalama imasowa ngakhale kwa wogulitsa mchere."

Cholinga changa chenicheni chinali mpata wa Fort Lister, pamene phiri la Michesi limapatukana ndi phiri lalikulu la Mulanje. Pa siteji ya kabaza ndinapeza mnyamata wa njinga yamoto, wovala jekete lokhuthala.

"Achimwene, ku Fort Lister mungandifikitse?"

"Tikafika, bambo. Kungoti kumeneko timapititsa azungu okwera phiri. Mmalawi wongofuna kukaona malowo n'kamodzikamodzi."

Tinabwerera ku Phalombe n'kusiya phula, kulowa msewu wafumbi wokwera chakum'mawa. Tisanapite patali ndinamupempha kuti aime. M'mbali mwa mtsinje, ndiponso pakati pa minda ndi nyumba za anthu, pali miyala yaikulu ngati nkhokwe, yoti ngakhale thalakitala singaisunthe. Ina amayi amayanikapo zovala ndi makaka, ina ana amaseweretsapo. Miyala imeneyi sinabadwire pamene ilipo. Yambiri inatsika m'phiri la Michesi m'mwezi wa Malichi 1991, pamene mvula yamphamvu inagumula mapiri, madzi osakanikirana ndi matope, mitengo ndi miyala n'kusesa midzi ndi malo amalonda a Phalombe. Anthu mazanamazana anafa, ndipo ambiri mitembo yawo sinapezeke.

Agogo ena aamuna ankasema mpini pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi pamene tinaima. Nditawalonjera ndi kupepesa chifukwa chowasokoneza, anayika kasemasema pansi.

"Mwanawe, chinayamba ndi mkokomo. Tinkayesa ndege, kapena mabingu. Kenako nthaka inayamba kunjenjemera. Amene anathamangira kumtunda anapulumuka. Amene anabwerera kukatenga mwana kapena mbuzi, ambiri sitinawaonenso. Napolo akamasamuka safunsa kuti pakhomo pano pali ndani."

Anthu a kuno amati Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri chimene chikafuna kusamukira kunyanja chimang'amba njira yakeyake. Akatswiri a za nthaka amati dothi la pamalo otsetsereka likamwa madzi mopitirira muyeso limasiyana ndi thanthwe la pansi pake n'kutsetsereka, limatseka mtsinje kwa kanthawi, kenako damu lachilengedwelo limaphulika n'kutsika ndi zonse. Ine sindiona chifukwa chokanganitsa mafotokozedwe awiriwa, pakuti onse akuchenjeza za chinthu chimodzi, ndipo onse akugwirizana kuti chimabweranso. Chinabweradi mu Malichi 2023 ndi namondwe wa Freddy. Tsidya lina la mpata womwewu, kwa Nkhulambe, midzi inakwiririka ndipo chipatala chaching'ono cha m'deralo chinawonongekeratu. Pamene tinkakwera, mnyamata uja ankandilozera mikwingwirima yofiira ndi yotuwa yotsika m'mapiri onse awiri, pamene nthaka inasendeka. Ina udzu wayamba kuiphimba, ina ikadali poyera. Kudula mitengo ndi kuotcha makala kumakulitsa ngoziyi, zimenezo n'zoona, ndipo matumba a makala tinakumana nawo akutsika pa njinga. Koma si chilungamo kuloza chala anthu a m'munsi mwa phiri ngati kuti anadziitanira okha tsokali. Mvula ya mtundu wa Freddy ikanagumula ngakhale phiri la nkhalango yowirira, ndipo munthu amene alibe malo ena olima sungangomuuza kuti samuka osamuonetsa kopita.

Msewu unayamba kukwera kwambiri, njinga ikulira ndi giya yoyamba. Mphepo inasintha, kunayamba kuzizira, ndipo fungo la utsi wa m'midzi linasanduka la masamba a misuku ndi udzu wouma. Kumanzere Michesi, kumanja makoma a Mulanje. Ukaima pakati pa mpatawu sufunikanso mphunzitsi wokuuza chifukwa chake malowa anali ofunika. Munthu wochokera ku chigwa cha Chilwa ndi kumapiri a Shire, wofuna kupita kunyanja yamchere osazungulira phiri lonse, njira yake yachidule inali yomweyi. M'zaka za m'ma 1800 munkadutsa minyanga ya njovu, ndipo munkadutsanso anthu, atamangidwa magoli m'khosi, kulowera ku madoko a ku Mozambique monga Quelimane. Mafumu amphamvu a m'dera la Mulanje nthawi imeneyo, monga Matipwiri ndi Mkanda, ankalamulira njira zimenezi, ndipo malondawo ankawabweretsera mfuti, onga ndi nsalu kuchokera kwa ogula a kugombe.

Mu 1893 boma la atsamunda, pansi pa Harry Johnston, linamanga linga pampatapa kuti litseke njirayo. Analitcha dzina la Sir Villiers Lister, mkulu wina wa ku ofesi yoona za maiko akunja ku London. Mbali ya kumwera kwa phiri anamanganso linga lina, Fort Anderson. Asilikali ambiri amene Johnston ankadalira anali Asikh ochokera ku India, ndipo pofika 1895 mphamvu za Matipwiri zinali zitathyoledwa. Lingali silinagwire ntchito nthawi yaitali. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 linasiyidwa.

Chimene chatsala lero ndi maziko ndi zidutswa za zipupa m'tchire. Bambo wina wa m'mudzi wapafupi, amene amaperekeza okwera phiri, ndiye anatitsogolera, akukankha udzu ndi ndodo. Pena mizu ya mitengo yalowa pakati pa miyala n'kuikankha, pena chipupa chagwa chonse n'kusanduka mulu umene munthu wosadziwa angaupitirire. Ndinagwira mwala umodzi wa pakona, wozizira, wa ndere zobiriwira, ndipo funso limene linandibwerera linali la manja amene anausenza kuufikitsa pamenepo. Sanali manja a Johnston. Chapafupi pali manda a Gilbert Stevenson, mzungu wa boma amene anafera pano mu 1896, msuweni wa Robert Louis Stevenson, mlembi wa buku la Treasure Island. Mabuku a alendo amatchula manda amenewa kawirikawiri, ndipo palibe cholakwika kumukumbukira munthu amene anafera kutali ndi kwawo. Chimene chinandilemera mumtima n'chakuti mwa anthu onse amene anadutsa pampatawu, dzina limene latsala ndi limeneli. Amayi amene anadutsa ndi ana kumsana, anyamata amene anagwidwa ali kumunda, amene anafooka panjira n'kusiyidwa, palibe mwala ngakhale umodzi wonena kuti anadutsa pano.

Malowa ali m'gulu la zipilala zotetezedwa ndi boma, ndipo mu 2011 dziko la Malawi linawaika pa mndandanda woyembekezera wa UNESCO pamodzi ndi malo ena a njira za akapolo monga Nkhotakota, Karonga ndi Mangochi. Pamapepala zonse zili bwino. Pamalo penipenipo pakufunika zinthu zosafuna mamiliyoni: kulambula, kulimbitsa zipupa zotsalazo zisanagwe, chikwangwani chofotokoza mbiri m'Chichewa ndi m'Chilhomwe osati m'Chingerezi chokha, ndi malipiro oyenera kwa anthu a m'midzi yozungulira kuti aziyang'anira. Koposa zonse pakufunika ana a sukulu. Mwana wa ku Migowi kapena wa kwa Nkhulambe amaloweza za malonda a akapolo kuti akakhoze mayeso a Sitandade 8, osadziwa kuti njira yake ili pamtunda woti akhoza kupita ndi kubwerako tsiku lomwelo. Mnyamata wa njinga uja, amene wafikitsa alendo pamalopa kambirimbiri, anandiuza kuti aka kanali koyamba kutsika njinga n'kulowa m'tchiremo. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana zipupazo, kenako anafunsa wotiperekeza uja kuti, "Ndiye anthuwo ankagona pati akafika pano?"

Kuchokera pampatapa pali njira yokwera ku kanyumba ka alendo ka Sombani, m'munsi mwa nsonga ya Namasile. Umenewo ndi ulendo wofuna tsiku lakelake ndi miyendo yokonzeka. Wotiperekezayo anati ali mwana, mkungudza unkamveka fungo munthu usanauone. Mtengo umenewu, umene ndi mtengo wa fuko lathu ndipo mwachilengedwe umamera m'phiri la Mulanje lokha, macheka anautha. Kafukufuku wa 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi nthambi ya zankhalango akhala akubzala mbande zambiri, mothandizana ndi midzi imene imazifesa m'manazale, koma mdani wamkulu ndi moto wa m'chilimwe.

Za Michesi wotiperekezayo anatsitsa mawu pofotokoza. Limeneli ndi phiri la mizimu. Akuluakulu amati ukasochera m'menemo ukhoza kupeza chakudya chokonzakonza, nsima yotentha kapena nthochi zakupsa, ndipo lamulo lake ndi lakuti udye wekha, osaitana mnzako, osatengako kupita nacho kumudzi. Pali malo amene sulankhula mokweza, pali malo othirira nsembe mvula ikachedwa. Wina akhoza kuziona ngati nthano chabe, koma zikhulupiriro zoterezi ndi zimene zinachititsa kuti mu Julaye 2025 UNESCO ilembe phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, osati chifukwa cha kutalika kwa Sapitwa kokha, kumene ndi mamita 3,002, koma chifukwa cha ubale wa phirili ndi Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe olizungulira. Ndi malo achitatu a Malawi pa mndandandawo, kutsatira paki ya nyanja ya Malawi mu 1984 ndi zojambula za m'mapanga a Chongoni mu 2006.

Potsika tinaima pa mpopi wa m'mudzi kuti tisambe fumbi kumaso. Atsikana awiri anasuntha zidebe zawo kutipatsa mpata. Madzi ake anali ozizira mpaka kuwawa m'mano, ndipo panalibe injini kapena mjigo wopukusa. Amangotsika okha kuchokera kumtunda. Imeneyi ndi mbiri ina ya Phalombe imene sitiinena mokwanira. Ntchito ya madzi oyenda okha m'mapaipi inayambira ku Chingale m'boma la Zomba mu 1968, ndipo m'zaka za m'ma 1970 inafalikira kuzungulira phiri la Mulanje, kuphatikizapo chigwa chino. Boma ndi mabungwe othandiza ankabweretsa mapaipi ndi amisiri, koma ngalande zonse, makilomita ambirimbiri, anakumba ndi anthu eni ake ndi makasu, mudzi uliwonse chigawo chake, popanda malipiro. Anthu a maiko ena ankabwera kudzaphunzira mmene Amalawi anachitira. Lero mipopi ina inauma, chifukwa anthu achuluka kuposa mmene mapaipiwo anawerengedwera, ndipo chigumula chilichonse chimazula mapaipi kumene amatapira madzi. Komabe imene ikutulutsa madzi ikuchitira umboni agogo amene anakumba. Phiri lomwe limagwetsa miyala ndi lomwenso limamwetsa chigwa chonsechi, ndipo anthu a kuno amakhala nazo zonse ziwiri tsiku ndi tsiku.

Tinafikanso pa Migowi dzuwa litapendeka, njala itandigwira. Kuseri kwa msika mayi wina ankagulitsa kalongonda m'beseni lophimba ndi nsalu yoyera. Nyemba zake ndi zikuluzikulu, zoderako, zoterera, ndipo amakupatsa m'kambale ndi kamchere ndi tsabola pambali.

"Munaphika nthawi yanji, mayi?"

"Dzulo, bambo. Ameneyu safuna changu. Umawiritsa, kutaya madzi, kuchotsa makoko, kuwiritsanso, kutayanso madzi, mpaka madzi ayere. Ukachita ulesi anthu amalezuka mutu, ena mpaka kuchipatala. Ife anatiphunzitsa amayi athu, iwonso amayi awo."

Kalongonda ndi chakudya chimene Alhomwe amanyadira, ndipo Phalombe ndi limodzi mwa maboma amene Alhomwe ndi ochuluka kwambiri. Makolo awo ambiri analowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 ndi zaka zotsatira, kuthawa nkhanza za Apwitikizi, ntchito yokakamiza ndi njala. Ena mwa iwo anadzera m'njira zomwezi za kuseri kwa phiri, kulowera kumene akapolo ankatulukira. Atafika kuno anapeza kuti boma limene linatseka njira ya akapolo ndi lomwenso linabweretsa msonkho wa nyumba, ndipo malo abwino ambiri a kumapiri a Shire anali m'manja mwa azungu a maesiteti. Mlendo wopanda malo ankaloledwa kumanga pa esiteti pokhapokha atavomera thangata, kugwira ntchito miyezi yakutiyakuti m'malo mwa lendi, nthawi yomwe munda wake unkafunanso khasu. Tiyi, thonje ndi fodya wa Nyasaland zinakula ndi thukuta la anthu amenewa, pamene iwo ankanyozedwa ndi dzina lachipongwe limene Lewis Bandawe ndi anzake, atakhazikitsa bungwe la Alhomwe mu 1943, analimbana nalo mpaka boma linasiya kuligwiritsa ntchito. Manyazi a zaka zimenezo anapha chilankhulo m'mabanja ambiri. Mayi wa kalongonda uja anati iye amamva Chilhomwe chonse koma amayankha m'Chichewa, pamene ana ake amangodziwa malonje. Kuchokera mu 2008, pamene Mulhako wa Alhomwe unakhazikitsidwa, zinthu zinayamba kutembenuka. Chaka ndi chaka mu Okutobala anthu amasonkhana kwa Chonde m'boma la Mulanje, gule wa tchopa analembedwa ndi UNESCO mu 2014, ndipo ufumu waukulu wa Alhomwe unayambira kuno ku Phalombe kwa Mkhumba, pano uli kwa Kaduya, m'boma lomweli.

Nkhani ya thangata ndi imene inandifikitsa pa geti la chipatala chachikulu cha boma, chimene chili pa Migowi pomwepa. Kwa zaka zambiri boma la Phalombe linalibe chipatala chakechake chachikulu, ndipo anthu ankadalira chipatala cha mishoni ya Katolika cha Holy Family. Chatsopanochi chinatsegulidwa mu 2022 ndipo chinapatsidwa dzina la John Chilembwe. Sindinalowe, pakuti chipatala si malo okaonerera. Ndinaima panja pamene amayi odikirira odwala ankagula nthochi ndi makala, n'kumawerenga dzinalo. Chilembwe tonse timamudziwa: nkhope yake ili pa ndalama ya K500 ndi ya K2,000, ndipo pa 15 Januwale timapuma. Timadziwa za Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, imene anaiyambitsa mu 1900 atabwera ku America, ndi za usiku wa pa 23 Januwale 1915 pamene anthu ake anaukira esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero. Ambiri mwa omutsatira anali Alhomwe omwe ankalawa thangata pamsana pawo. Chimene ambiri sitikumbukira ndi kumene nkhaniyo inathera. Kuukirako kutalephera, Chilembwe anathawira chakum'mawa kulowera ku Mozambique, ndipo pa 3 Febuluwale 1915 anawomberedwa ndi apolisi achikuda a boma la atsamunda m'dera limene nthawi imeneyo linali boma la Mlanje. Anthu a kuno amaloza madera oyandikana ndi Migowi. Mtembo wake anauika mwachinsinsi, popanda chizindikiro, kuopa kuti manda ake angasanduke malo osonkhanirapo anthu, ndipo n'chifukwa chake kwa zaka zambiri m'midzi munkamveka kuti sanafe.

Kuchokera pamene linga lija linamangidwa kufika pa imfa ya Chilembwe panadutsa zaka 22 zokha, ndipo malo awiriwa ali m'boma limodzi laling'ono. Munthu amene anaona asilikali akumasula akapolo pampata ali mnyamata akanatha kuonanso, ali bambo wa ana, asilikali a boma lomwelo akusaka m'busa wa mpingo m'tchire la m'chigwa. Ndimaona kuti dzina la chipatalachi linagwa pamalo pake. Munthu amene anamanidwa manda ali ndi nyumba imene ana amabadwiramo. Chotsala n'chakuti akatswiri a mbiri ndi mafumu a kuno akhale pansi, amve zimene okalamba akudziwa akadali moyo, agwirizane za malo amene anagwera, n'kuikapo chizindikiro.

Dzuwa likulowa, malonda a nandolo ndiye anafika pachimake. M'mbali mwa msewu mavenda anali atapachika masikelo pa mitengo itatu yomangidwa pamodzi, matumba ataunjikidwa kumbuyo kwawo, malole akudikira. Ndinaima pafupi ndi mayi wina amene anabwera ndi theka la thumba pamutu. Venda anakoleka thumbalo, muvi wa sikelo unagwedezeka n'kuima, iye anatchula makilogalamu msangamsanga. Mayiwo sanayankhe. Anayandikira, anayang'anitsitsa muviwo, kenako anati, "Achimwene, tsitsani mukolekenso, ndione pamene unayambira." Venda anaseka, anatsitsa, n'kukolekanso. Atalandira ndalama anaziwerenga kawiri, anazimanga pa nsonga ya chitenje, n'kupita molunjika kwa wogulitsa matemba.

Nandolo ameneyu ambiri sadyedwa kuno. Amapita ku Limbe, kenako ku madoko a ku Mozambique, n'kukwera sitima kupita ku India, kumene amamusenda n'kumuphika tsiku ndi tsiku. Choncho mtengo wa pa sikelo ya pa Migowi umapangidwa kutali kwambiri. Mu 2017, India itachepetsa nandolo wolowa m'dziko mwake, mtengo unagwa mpaka alimi ena anangomusiya m'munda. Mu 2021 maiko awiriwa anagwirizana kuti Malawi azitumiza matani 50,000 pachaka kwa zaka 5, ndipo alimi anayambanso kumudalira. Mlimi wa kuno amakonda nandolo pa zifukwa zomveka: amabzalidwa pakati pa chimanga, safuna feteleza, amapirira chilala, masamba ake amabwezera chonde m'nthaka, mitengo yake ndi nkhuni, ndipo ndalama yake imabwera nthawi imene sukulu zikutsegulira. Chimene alibe ndi mphamvu pa mtengo. Amagulitsa payekhapayekha, theka la thumba lero, ndowa mawa, chifukwa vuto la pakhomo silidikira kuti mtengo ukwere.

Mnyamata wa njinga uja anandipeza pa siteji ndikudikira minibasi yomaliza. Anati ndikadzabweranso ndidzagone, kuti m'mamawa tidzalowere kunyanja, ku Swang'oma, ndikaone asodzi akutsitsa matemba ndi mbalame za m'madambo zimene zinachititsa kuti Chilwa ilembedwe pa mgwirizano woteteza madambo wa Ramsar. Anandilangizanso miyezi: kuyambira Meyi mpaka Okutobala, misewu yafumbi ikauma, chifukwa dzinja likafika ngakhale iye sakwera ku mpata. Minibasi inabwera itadzaza kale, matumba a nandolo ali pansi pa mipando yonse, ndipo kondakitala anandipezera malo pafupi ndi chitseko.